Zala Zitatu za Achemwali

Ine ndinabadwa ndi mutu wosapirira. Anzanga amapesedwa tsitsi uku akukukuta chimanga chokazinga, koma ine chipeso chikangokanda khungu, misozi ili mbwembwembwe. Tili ana, mudzi wonse unkadziwa tsiku limene ndikulukidwa, chifukwa kukuwa kwanga kunkafika mpaka kumtsinje wa Domasi kumene anthu ankachapa. Ndakula, ndakwatiwa, ndabereka ana atatu popanda kutukwana namwino ngakhale mmodzi, koma za tsitsi zokha zinandikanika. Ndiye Mulungu, mwa nthabwala zake, anandipatsa mkulu wanga woluka tsitsi.

Achemwali angawo ankalukira pa Songani, pakhonde la sitolo ya bambo wina wachisilamu wogulitsa nsalu ndi mapoto. Katundu wawo yense anali benchi, kampando, zipeso, botolo la mafuta ndi kagalasi kong'aluka pakona. Ine ndinkagulitsa tomato ndi anyezi tsidya lina la msewu, ndipo malonda akazizira ndinkawoloka kukawaonerera. Sindinkatopa nazo. Akangolemba mizere ndi nsonga ya chipeso, maso awo ankachoka pamutupo osabwereranso. Ankayang'ana kumsewu, kuona amene watsika minibasi ya ku Liwonde, amene wakwera ndi mwamuna wa mwini, oitanira akulimbirana thumba la munthu mmodzi. Pakamwa pankayenda, zala nazo zikuyenda. Tsitsi lopsa ndi mankhwala ankalidziwa pongoligwira. "Ili lithothoka mayi, tisalikoke," ankatero, maso ali kwa wogulitsa matemba. Nyengo ya Idi ndi ya Khirisimasi azimayi ankachokera ku Malosa ndi ku Naisi, kudutsa masaluni a magalasi akuluakulu, kudzadikira pamzere pakhonde la fumbi lija. Ndinkawanyadira kwambiri, ngakhale sindinawauzepo, poti achemwali anga ukawayamikira amakufunsa kuti ukufuna chiyani.

Kasitomala mmodzi yekha amene ankamukana ndinali ine. "Iwe pita ukamete mpala," ankandiuza. "Ukakhala pano anthu ayesa ndikupha mbuzi, undithawitsira makasitomala." Ndinkapsa mtima n'kupita kukamangitsa ulusi kwa mtsikana wina wa mumsika, amenenso ankadandaula chimodzimodzi.

Chaka chimene ndikunenachi mpunga unacha bwino m'munda wa amayi, kumunsi kwa ngalande. Tonse tinatseka malonda kukathandiza kumweta. Achemwali anasenza mtolo, dzanja lamanja litagwiriza mtolowo, chikwakwa chili kumanzere, n'kumayenda pamzere woterera wolekanitsa minda. Phazi linatsetsereka. Munthu akamagwa amatsogoza dzanja, ndipo lawo lamanja linakafikira pa chikwakwa chomwe chinali chitawatsogolera kale m'matope, kunsonga kuli m'mwamba. Chinawadula pamene pamakhala lamba wa wotchi, mbali ya kuchikhatho. Magazi anali chuchuchu. Ndinang'amba chitenje changa n'kumanga, mwamuna wanga n'kuwakweza pakabaza. Kuchipatala chapafupi anatitumiza ku Zomba, a ku Zomba nawo atayang'ana anati ichi n'cha ku Blantyre. Kumeneko ndi kumene anawasoka, n'kubwera kunyumba dzanja lili m'chikhakha.

Atachotsa chikhakha, bala linali litapola bwinobwino, kungotsala chipsera chopyapyala. Zala zinali zouma koma zinkapinda. Amayi anapha nkhuku, tinathokoza Mulungu, ndipo ine mumtima ndinali nditawabwezera kale pakhonde paja. Tikudya nkhukuyo, achemwali ananyamula kapu ya madzi, wina n'kuwaitana kumbuyo. Atangotembenuka, kapu ija pansi phwaa. Tinaseka, iwo sanaseke. Titatsuka mbale anandikokera kuseri kwa nyumba n'kunditambasulira chala chamkombaphala.

"Iwe, tsina apa."

Ndinatsina pang'ono.

"Tsina, usandinyengerere."

Anatseka maso. Ndinalowetsa zikhadabo mpaka khungu linayera. Ndinali ndi mangawa a zaka zambiri pa iwo, choncho sindinawamvere chisoni.

"Wayamba?" anandifunsa.

Ndinasiya kutsina. Chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati zinali zitachita dzanzi losatha. Kachala komaliza kankamva bwinobwino, koyandikana nako kankamva mbali imodzi. Zitatu zinazo akaziyang'ana zinkagwira chinthu, akachotsa maso zinkachitaya osadziwa kuti zataya. Chachikulu chija chinalinso chofooka, sichinkatha kuzungulira kudzakumana ndi nsonga za zinzake. Ndipo zala zitatu zimenezi ndi zimene munthu amalukira tsitsi. "Zili ngati za munthu wina, andibwereka," anatero achemwali. Anandiuza kuti madokotala a ku Blantyre anali atawachenjeza kale za dzanzili, koma iwo anangoti izo n'zonena madokotala.

Amayi atamva anati vutolo n'lodziwika: magazi agona m'zalamo, afunika kuwadzutsa. Kwathu kuno mankhwala a zotere ndi kuthowa. Mwana akagwa mumtengo wa mango amathowedwa, mayi akachira ku uchembere amathowedwa, bambo akabinya phazi kudimba amathowedwa. Amawiritsa madzi, kuviika kansalu, n'kumasindikiza pamalo powawapo. Koma wothowa sayeza madziwo ndi dzanja lake, chifukwa manja a amayi athu amaphula mphika pamoto opanda chogwirira, sadziwanso kuti kutentha n'chiyani. Amayeza ndi pakamwa pa wodwala. Akakuwa, umathira madzi ozizira pang'ono. Akakhala chete, ndiye kuti madzi sanafike. Tonse tinakula choncho, ndipo palibe anaonapo cholakwika.

Ndiye amayi anasindikiza kansalu kansonga za zala zija, achemwali ali phee. Anawonjezera madzi a pamoto, achemwali ali phee. "Asa, magazi amenewa ndi amakani ngati mwini wake," anatero amayi, n'kuwauza kuti angoviika zalazo m'besenimo. Anaviika nsonga zokha. Kachala komaliza, kamene kakanatichenjeza, n'kakafupi, sikanafike m'madzi. Achemwali anakhala choncho akucheza nafe, nthunzi ikukwera. Pofika madzulo zala zonse zitatu zinali zitatupa matuza, ndipo mwini wake sankamva kanthu. Amayi anakhala kuseri kwa nkhokwe osadya, akungobwereza kuti, "Ndamuphika mwana wanga ndi manja anga." Sindinawaonepo atasweka mtima chotero.

Kutacha tinapita tonse atatu ku Zomba. Atamanga mabalawo anatitumiza kwa mayi wa mafizo, amene amaphunzitsa ziwalo zovulala kuti ziyambenso kugwira ntchito. Anali wamfupi, wolankhula mofulumira, ndipo ine ndinali nditakonzeka kale kumuyankha akangoyamba kukalipira amayi. Sanawakalipire.

"Amayi, si inu oyamba," anatero. "Inu munadikira kuti akuwe. Nanga akanakuwa bwanji uthenga sunafike?"

"Uthenga wanji?" anafunsa amayi.

Mayi uja anatenga dzanja la achemwali n'kuliika pathebulo, chikhatho m'mwamba. "Chala pachokha sichidziwa kanthu. Chimene chimadziwa kuti apa patentha, apa pabaya, ichi n'chosalala, ndi ubongo. Chala chimangotumiza uthenga. M'thupimu muli mitsempha ya magazi, imeneyo mukuidziwa. Mulinso ina yoyera, yopanda magazi, ntchito yake kunyamula uthenga basi. M'kati mwake muli timaulusi tambirimbiri. Tina timachoka kukhungu, kukwera ndi mkono, kulowa mumsana, mpaka kumutu. Tina timachoka kumutu kutsika ndi lamulo loti gwira, siya, finya pang'ono. Chikwakwa chinadula mtsempha umodzi wotere, apa." Analoza chipsera chija.

"Nanga bwanji zala zikupinda?" ndinafunsa ine, chifukwa zimenezo n'zimene zinatipusitsa tonse.

"Minofu yopinditsa zala ili kumtunda kuno, mumkono. Lamulo limaifikira lisanafike podukapo. Koma timinofu ta chala chachikulu tili m'chikhatho, kutsidya kwa bala, n'chifukwa chake chafooka. Kachala komaliza kali ndi mtsempha wakewake, uwo chikwakwa sichinaukhudze." Kenako anatembenukira kwa achemwali. "Dzanja likanakhala labwino, mukanalichotsa m'madzi aja musanaganize n'komwe. Uthenga wa moto sudikira kuti mutu uweruze. Ukangofika mumsana, lamulo limabwerera pompo kuti thawa, mutu umadzamva pambuyo dzanja litachoka kale."

Achemwali sanafune zambiri. Anafunsa chimodzi chokha: "Ndidzalukanso?"

"Madokotala anasoka chikopa cha mtsempha," anayankha mayi uja. "Timaulusi tam'katimo sitisokeka. Tiyenera kuphukanso kuchokera podukapo, n'kuyanga pang'onopang'ono ngati dzungu, mpaka kunsonga za zala. Ndi nkhani ya miyezi yambiri. Zina zibwerera. Zonse sindikulonjezani."

Anawapatsa malamulo. Madzi aziyeza ndi kachala komaliza. Pamoto asagwire ndi dzanja limenelo. Zalazo azizipaka mafuta, poti zasiya kutuluka thukuta ndipo zing'aluka. Aziziyang'ana tsiku ndi tsiku ngati mwana wosalankhula, kuti mwina zabayidwa iwo osadziwa. Chachikulu azichikoka ndi dzanja linalo kuti chisaume.

Tikubwerera pa minibasi ndinkangoyang'ana manja anga. Ndinagwira chitsulo cha mpando, chozizira. Ndinagwira chitenje, chofewa. Ndinagwedeza chala chakuphazi m'kati mwa nsapato, n'kumadabwa kuti lamulo lachoka kumutu, latsika msana wonse, ladutsa mwendo, ine osamva kuti ladutsa. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti ndine amene ndimasankha tomato wolimba pakati pa wofewa, osadziwa kuti pali amithenga akuthamanga usana wonse osapuma, osadya, osapempha zikomo. Ndinachita mantha, ndinachitanso chidwi. Kondakitala anandifunsa ngati ndataya kanthu.

Kuyambira pamenepo achemwali ankapita ku mafizo nthawi ndi nthawi, ine ndikuwaperekeza. Mayi uja ankagogoda ndi chala chake pang'onopang'ono, kuyambira kunsonga kubwerera kuchipsera. Penapake achemwali ankadzidzimuka. "Apo! Ngati nyerere zikuthamangira kuzala!" Mayiyo ankati pamenepo ndi pamene timaulusi tafika, n'kuikapo kadontho ka bolopeni. Ulendo woyamba kadonthoko kanali pachipsera penipeni. Ulendo wina kanasendera m'chikhatho, pang'ono zedi, koma kanasendera. Achemwali ankasamba dzanja lili m'mwamba kuti kasafufutike, ine n'kumawaseka kuti ayamba kuopa madzi ngati mphaka. Amayi, amene anali asanadzikhululukire, ankabwera kudzakaona kadonthoko n'kumati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma achemwali anga ndi kudekha sanabadwire nyumba imodzi. Mabala a moto atangopola anamanga khonje pamsana wa mpando n'kuyamba kuluka. Poyamba linkawapulumuka. Kenako anaphunzira kugwira mwanjira ina, kachala komaliza ndi koyandikana nako kakuthandiza, maso ali pompo osaphethira. Mizere inayamba kuoneka ngati mizere. Ndinkawapeza m'mawa akuluka, masana akumasula, akulukanso, thukuta lili kamukamu, akutukwana khonje ngati lili ndi makutu. Munthu amene ankamaliza mutu wonse akucheza tsopano ankaluma mlomo pamzere umodzi. Zinkandimvetsa chisoni, koma zinkandipatsanso ulemu waukulu pa iwo.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku Malosa, kasitomala wawo wakalekale, munthu wofatsa wa mapemphero. Anati sangalukitse kwina, wadikira mokwanira. Achemwali anamukhazika pamkeka n'kuyamba. Ankamufunsa pafupipafupi, "Sindikukupwetekani?" Mayiyo ankayankha, "Ayi, zili bwino, pitirizani." Anapita akuthokoza. Patapita masiku tinamva kwa mlamu wake kuti atafika kunyumba anamasula tsitsi lonse mutu ukuwawa, ndipo m'mbali mwa chipumi munali titachita tizilonda, tsitsi lina litazuka. Khonje silikuwa, ndipo zala zosamva sizidziwa malire. Penapake achemwali ankakoka ngati akumanga mtolo wa nkhuni, penapake ankasiya lendelende. Mayi uja anapirira zonsezo chifukwa cha ulemu. Akanauza bwanji munthu wovulala, amene akuyesetsa chotero, kuti mukundipweteka?

Nkhaniyi inawagwetsa achemwali kuposa chikwakwa chija. Anamasula khonje pampando n'kuliponya pamoto. Anatuma uthenga kwa mwini sitolo kuti khondelo apatse wina. Bamboyo anabweza yankho loti benchi silidya, likhala pomwepo. Iwo sanafune kumva. Anayamba kukamba zokagulitsa mandasi pasukulu, achemwali anga amene mandasi awo ngakhale galu amayamba wawanunkhiza kawiri. Ndinakwiya nawo, ndinawalankhula mawu olimba, iwo osandiyankha. Kusayankhako n'kumene kunandiopsa, chifukwa chibadwire sanandisiyirepo mawu omaliza.

Loweruka lina m'mawa ndikuyala tomato padengu, ndinangowaona atulukira pakhomo panga, chipeso chili m'manja.

"Ndikufuna mutu wako."

"Mutu wanga? Uja munati ndikamete mpala?"

"Womwewo. Anthu onse amandinamiza chifukwa cha ulemu. Iwe ulibe ulemu."

"Zikomo kwambiri, achemwali."

"Khala pansi. Ndikakoka, kuwa. Ndikalekerera, nena. Zala zanga sizimva, ndiye uzindimvera ndiwe."

Ndinakhala. Sindinama kuti ndinakhala mokondwa. Mzere woyamba usanafike pakati ndinali nditaitana kale amayi, Yesu ndi anthu onse a m'mudzi. Achemwali anaima, anamasula pang'ono, n'kufunsa, "Apa?" Ndinati apo ndiye mwatayirira, mphepo ikudutsa. Anakokanso. "Mayo!" Anabwerera pang'ono. "Apa?" Ndinati eya, pamenepo. Anayang'anitsitsa mmene zala zawo zakhalira, mmene tsitsi lakokekera pakhungu, ngati munthu amene akuloweza njira. Kenako anapitiriza.

Inasanduka ntchito ya Loweruka lililonse, pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo panga. Anaphunzira kusiyanitsa kukuwa kwanga. Ankati "aaa" wanga ndi wamwano chabe, sawerengedwa, koma ndikati "mayo" ndiye kuti zafikadi. Ndikatukwana, ankadziwa kuti tsitsi lazuka. Lamulungu ndinkalowa m'tchalitchi nditakulunga duku mpaka m'makutu, kubisa mizere yokhotakhota ngati njira ya woledzera. Mwamuna wanga ankati wandikwatira zaka zonsezi osadziwa kuti ndili ndi ntchito ina, yolira osalipidwa. Anansi poyamba ankathamangira kudzaleretsa, kenako anazolowera, ankangofunsa ali kwawo kuti, "Mwayamba kodi?" Panali masiku amene ndinkadzuka mutu uli phuliphuli n'kulumbira kuti basi, akafune mutu wina. Koma ndikawaona akubwera pamsewu, dzanja lija atalifumbata pachifuwa, ndinkatenga mkeka ndekha.

Uku tikuchita zathuzi, m'kati mwa dzanja namo ntchito inkayenda. Kadontho ka bolopeni kanatsiriza chikhatho n'kukwera m'zala. Chinayamba kubwerera ndi ululu. Tsiku lina ali kudimba linthumbu linawaluma chala chapakati, ndipo anabwera akuthamanga, akuseka ngati atola ndalama. "Landiluma! Iwe, landiluma, ndamva!" Anapita nacho chalacho kwa amayi kukawaonetsa, amayi n'kuchigwira ndi manja awiri. Pambuyo pake anayamba kumva kuzizira kwa madzi a m'mawa, kenako kutentha kwa kapu ya tiyi. Koma uthengawo unkafika wosokonekera. Ndikawakhudza chamkombaphala atatseka maso, ankaloza chapakati. Nsalu yosalala ankati ikubaya. Mayi wa mafizo anati timaulusi tikamaphukanso sitonse timapeza njira yake yakale, tina timalowa khomo la mnzake, ndiye ubongo uyenera kuphunzira mwatsopano kuti uthenga uwu ukuchokera kuti.

Anawauza kuti adzaze beseni ndi mpunga, abisemo nyemba, batani, kiyi, chivindikiro cha botolo, n'kumafufuza. Akagwira kanthu ayambe anena kuti n'chiyani, kenako atsegule maso aone, atsekenso, agwirenso, mpaka mutu ugwirizane ndi chala. Achemwali ankachita zimenezi ngati mwana wa sukulu wofuna kukhoza mayeso. Munthu wa zidzukulu, atakhala pakhonde maso ali chitsekere, dzanja lili mumpunga, akulengeza mokweza kuti "nyemba!" n'kutulutsa batani. Ndinkaseka mpaka m'mimba kuwawa. Iwo ankangoti, "Seka, Loweruka likubwera."

Ndimadabwabe ndikaganiza kuti mutu wa munthu wamkulu, wouma ngati wa achemwali anga, ungavomere kuphunziranso chinthu chimene unaphunzira uli khanda. Ndipo ndimadabwa ndi timaulusi tija, tosaoneka ndi maso, timene tinayenda ulendo wonsewo mumdima wa m'thupi popanda wotilondolera. Amene analenga zimenezi anakhala pansi. Koma timaulusi tokha sitikanaluka tsitsi. Panafunikanso munthu wamakani woti azidzuka m'mawa uliwonse kukakumana nato.

Sindinganene kuti zonse zinabwerera. Mpaka lero singano ikagwa pansi achemwali amaitola ndi dzanja lamanzere, ndipo m'nyengo yozizira zala zija zimawawawa. Pansi pa chala chachikulu panatsala kadzenje pamene mnofu unaphwa. Anabwerera pa Songani, benchi analipeza pomwe analisiya, ndipo amaluka pang'onopang'ono kusiyana ndi kale. Tsiku limene anabwererako ine sindilikumbukira bwino. Limene ndimalikumbukira ndi Loweruka lina lisanafike limenelo.

Mpunga wa chaka chotsatira unali utakololedwa, ndipo wanga ndinali nditauyanika pamikeka pabwalo. Ndinakhala pakati pa miyendo ya achemwali monga mwa masiku onse, iwo ataweramira pamutu panga, maso ali pazala. Kukuwa kwanga kunali kutachepa masiku amenewo, koma onse awiri tinkadziwa chifukwa chake: ankaluka ndi maso. Ankayang'ana khungu likamakokeka n'kuleka lisanafike popweteka. Akangoyang'ana kumbali, zala zinkaima. Anali atandiuza kale kuti kuluka kotero sikungawafikitse patali, poti pofika masana maso ankawotcha ndipo khosi linkauma.

Sabata imeneyo kunkhongo kwanga, m'kati mwa tsitsi, kunali kutayamba kachithupsa. Kanali kakang'ono ngati njere ya mapira, kosaoneka, koma kowawa ukakakhudza. Sindinawauze, ndinangoti tikafika pamenepo ndikuwa monga mwa ntchito yanga.

Tili pakati, mbuzi za aneba zinalowa pabwalo n'kulunjika pampunga. Achemwali anadzutsa mutu. "Psi! Psi! Inu eni mbuzi, kodi mukufuna tizidye?" Anapitiriza kukalipa, kuitana mwini wake, kumukumbutsa za chaka chatha pamene mbuzi zomwezo zinadya chinangwa cha amayi. Ine ndinali pansi, ndipo ndinamva chinthu chimene iwo sanachizindikire. Zala sizinaime. Zinkatsika ndi mzere kulowera kunkhongo, kutola tsitsi, kupingasa, kutolanso, osakoka, osatayirira. Ndinaumitsa khosi kuti ndisawasokoneze.

Kenako chamkombaphala chinafika pa kachithupsa kaja. Ululu unandilasa, ndinatsegula pakamwa, koma anandiyambirira.

"Iwe, uli ndi kachotupa apa."

Ananena maso akadali kumbuzi. Atatha kunena ndi pamene anadzimva. Manja onse awiri anaima pamutu panga. Mbuzi zinkadya mpunga wanga, ndipo palibe mwa ife amene anadzuka.

"Mwakaona?" ndinafunsa, ngakhale yankho ndinkalidziwa.

"Sindinakaone."

Anabweza chala chija pang'onopang'ono, kufufuza m'tsitsi, mpaka chinakapezanso. Nditapendeketsa mutu pang'ono ndinaona kuti atseka maso. "Kali apa," ananong'ona. "Kolimba. Kakutentha." Anachotsa chala, anachibwezanso. Anakazungulira, anakasindikiza, anachoka n'kukafunanso kuchokera mbali ina, ngati sakukhulupirira kuti akapezanso. Nthawi iliyonse ankakapeza.

Kanandipweteka mpaka m'mano. Misozi inatsika, mphuno inatuluka madzi. Koma ndinatenga nsonga ya chitenje n'kuiluma, ndipo ndinakhala chete kuti amve okha.